Apongozi akukana simenti pa nyumba ya ziguduli

Aphungu,

Mvula ya Lachiwiri yagwetsa khoma la khitchini yanga ya njerwa. Nyumba ya matumba imene amanga apongozi anga, pabwalo lomwelo, sinasunthe n'pang'ono pomwe.

Ndine kalaliki pa sitolo ina ku Limbe, ndipo ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Dailesi ku Chigumula. Bambo ake, a Yona, anali msilikali wa Keyala pa nkhondo ya ku Bama, kumene anaona matumba a dothi akuimitsa zipolopolo. Chaka chino anatolera ziguduli zakale za chimanga, nazidzaza dothi lachinyezi losakaniza ndi la pachulu. Ankazisanja ngati njerwa, mzere uliwonse n'kuusinja ndi munsi. Afolera kale ndi udzu, ndipo akuti nyumbayo ndi yathu.

Poyamba ndinaseka. Ndinawauza kuti m'mabuku onse amene ndawerenga mulibe nyumba yotere. Iwo anangoti, "A kalaliki, bukulo linagonapo m'dzenje mvula ikugwa?"

Dzulo ndinang'amba chiguduli chimodzi kuti ndione m'kati. Aphungu, mpeni unapindika nsonga. Dothi lija lauma gwa ngati mwala. Ndinayeza kuchindikala kwa khoma, mainchesi khumi ndi asanu. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo, koma m'nyumbamo munali zii ngati m'tchalitchi. Ndinakhalamo nthawi yaitali, ndikungolisisita khomalo.

Dailesi ndi woyembekezera, masiku ake ndi mwezi wamawa, ndipo tiyenera kulowamo. Ine ndikufuna kupaka simenti kunja kuti madzi asalowe. Ndisabise, ndikuopanso kuti anzanga akuntchito azidzati ndimagona m'nkhokwe. A Yona akanitsitsa: "Simenti ayi. Khoma ili limapuma. Mukalitseka mphuno lichita thukuta." Kodi khoma lingapume? Sindifuna kugoneka khanda m'nyumba yoti ingagwe.

K. N., Chigumula

A K. N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Nyumba ya matumba sindinaionepo, ndipo ndikukhumbira maso anu. Koma nzeru yake ndi ija ya nyumba za mdindo: dothi losinjidwa bwino limalimba lokha, bola lisanyowe.

Apongozi anu akunena zoona, kungoti sanazinene mwa m'buku. Dothi limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso. Simenti pa dothi sigwira kwenikweni. Imachita timing'alu, madzi amalowa, n'kusowa potulukira. Kunja khoma limaoneka lokongola pamene m'kati likufewa, inu osadziwa. Choncho simentiyo iiwaleni.

Ziguduli zidzaola, zina chiswe chidzadya. Zimenezo zisakuopseni, ntchito yake inali kugwira dothi mpaka liume. Koma musazisiye pamtunda. Matani khoma lonse sabata ino ndi dothi losakaniza mchenga ndi udzu woduladula, likauma mupake laimu. Za anzanu akuntchito musavutike nazo: kuyera kwa nyumba za ku Sunnyside n'kwa laimu yemweyo.

Onaninso denga. Udzu utuluke mapazi awiri kapena atatu kupyola khoma, ndipo mukumbe ngalande kuzungulira nyumba. Kenaka pitani kwa a Yona, chipewa kumanja, mukafunse chimene simunandiuze: mzere woyamba unakhala pa miyala kapena pa dothi? Mdani wa nyumba yotere amalowera kumapazi. Ngati palibe miyala, mangani chiguwa chokwera kuzungulira khoma mwamsanga.

Chenjezo langa ndi ili: mvula ya tsiku limodzi si umboni. Dailesi akachira ayambe wakhala kwa amayi ake. Mvula ya mvumbi ya Januwale ikubwera, ija yogwa masiku atatu osakata. Ikatha, gwadani, mudine mzere wapansi ndi chala chachikulu mbali zonse zinayi. Chala chikalowa, khanda lisalowe. Chikakana, kayaleni mphasa.

Phungu