Mawu a Amai m'Motoka

Okondedwa asisi,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Kuno ku Kasanda tilipo, koma makutu a atate akunka nafa.

Mwakumbuka nyimbo ya kwaya ija amai anatsogolera asanatisiye? Atate amaifuna m'motoka mwanga Sande iliyonse. Tsono posintha masipika, wokonza wa ku Kamushanga anandifunsa za kolosova, kachipangizo kolekanitsa besi ndi mawu okwera. Akuti ya pasivi ungolumikiza basi, sungaisinthenso. Ya akitivi imavuta mawaya, koma mawu okwerawo umawakweza mmene ufunira. Ndinasankha akitivi, kuti mwina mawu a amai angawafike.

Sande ndinawakhazika atate kutsogolo, n'kukweza matwita, timasipika ta mawu okwera, mpaka makutu anga kuwawa. Amai anayamba kuimba. Atate anatchera khutu nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, ndikumva azibambo okha. Kodi amako sanayambe?"



Chonde bwerani msanga. Mawu anu ndi a amai enieni, mudzawaimbire pafupi ndi khutu lisanatsekeretu. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Mabvuto