Zimene Analemba pa Fomu ya Tadala

Amayi anga, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Kuno tilipo, tikudzuka. Ndakhala nthawi osakulemberani, ndipo ndisakunamizeni kuti ndinatanganidwa. Ndimazengereza dala. Pali chinthu ndachita chimene mukanakhala moyo simukanandilola, koma ndiyambe ndi zabwino kaye, paja inu nkhani yoipa simunkafuna kuilandirira pakhomo.

Mpongozi wanu, akazi a achimwene a Lukasi, anachira mwezi wa Febuluwale. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo ukali watengeranso inu. Akayamba kulira mpaka a nyumba yachitatu amadziwa kuti bere lachedwa. Mpunga wa ku sikimu wachita bwino chaka chino, ngakhale madzi a Likangala anatilowera m'ndime ya kumunsi ija munkati ndi ya achule. Mbalame zinadya gawo lawo, ife tinakolola lathu. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, tafolera lina. Mbuzi yanu ya khutu limodzi ija ikadalipo ndipo sinalape, sabata yatha yatafuna malaya a kwaya a mayi wina ali pachingwe.

Tsopano za mdzukulu wanu Tadala, uja munkamutcha kakowa chifukwa cha miyendo. Ali Fomu 3, ndipo watalika kundiposa. Mpira wa ntchemberembaye uja sanausiye. Ndikukumbukira mukunena kuti, "Musiyeni azidumpha, miyendo imeneyi kumunda ingotipondera mbewu." Anadumphadi mpaka anamusankha kulowa timu ya boma lonse la Zomba. Ndiye wogoletsa wawo.

Mwezi wa Juni, titangomaliza kupuntha mpunga, timu ya kwathu kuno inafika mu fainolo ya chikho china, pa bwalo la kufupi ndi Songani. Ndinapita kukaonera, ndi chitenje changa chatsopano. Bwalolo ndi louma gwa, la timiyala, ndipo mizati ya golo ndi mapaipi achitsulo owaka ndi simenti, opanda chilichonse chokulunga. Tadala anadumphira mpira, mnzake anamugunda m'mwamba momwemo, iye n'kukamenyetsa mutu pa chitsulo. Kulira kwa chitsulocho ndinakumva ndili tsidya lina la bwalo. Kochi wawo anabwera ndi ndowa, n'kumukhuthulira madzi kumutu.

"Ukundiona?" anamufunsa.

"Eya," anatero Tadala, koma akuyang'ana kumbali.

Apo n'kuti a mlembi a ligi, amene amayendetsa mpira wa atsikana m'dera lonse lino, akuloza wotchi yawo kuti masewero apitirire mlendo wolemekezeka asananyamuke. Panalibe namwino, panalibe bokosi la mankhwala, ngakhale galimoto yodikirira. Anamubwezera m'bwalo. Sipanapite nthawi, mwana wanga anagwa yekha popanda womukhudza, n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa. Wina anakuwa kuti, "Ndi zakugwa izi, musamukhudze." Anthu onse anabwerera m'mbuyo, osewera anzake, oyimbira, kochi yemwe. Anamusiya yekha pa dzuwa.

Amayi, inenso ndinaima. Ichi sindinauzepo munthu, ndikuuza inu chifukwa ndinu munandiimitsa. Mukudziwa kuti ndikunena za mlongo wanu, amalume a Sitefano. Ndinakula ndikuwaona akudyera mbale yawoyawo, kumwera kapu yawoyawo, kugona m'kanyumba ka kuseri. Akagwa munkandikoka dzanja n'kunena kuti, "Felesiya, thovulo usaliyandikire, ungatengere." Tsiku limene matenda anawagwira ali m'bwato n'kumira m'nyanja ya Chilwa, anthu munawauza kuti inali mphepo. Ife munatikhazika pansi n'kuti, "Za Sitefano zathera m'nyumba muno." Ndiye pa bwalo paja miyendo yanga inamvera inu isanamvere ine. Kunali kuima kwa kanthawi kochepa, mwina kupuma kutatu, koma mpaka lero ndikakumbukira ndimadzida. Kenako ndinathamanga, ndinamugoneka chammbali, thovulo ndinalipukuta ndi chitenje changa ndi manja angawa. Wa kabaza woyamba anatikana. Anatinyamula ndi bambo wina wa galimoto ya tomato.

Ku chipatala chachikulu anagonako masiku asanu. Adokotala anandifotokozera bwinobwino kuti ubongo wake unagwedezeka ndi chitsulo chija, ndipo kuphupha koteroko kungachitikire aliyense amene wamenyeka mutu kwambiri. Anati cholakwa chachikulu chinali kumubwezera m'bwalo, tikanatha kumutaya. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa za thovu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, ngakhale akanakhala khunyu weniweni, sapatsirana. Kaya thovu, kaya mbale, kaya kapu." Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo. Ndinalira, ndipo sikuti ndinkalirira Tadala yekha.

Titabwerera kunyumba tinamva kuti a mlembi analemba fomu yofotokoza za ngoziyo n'kuitumiza kwa akuluakulu awo. Za chitsulo sanalembemo, za ndowa ya madzi sanalembemo. Analemba kuti mwanayo ali ndi matenda akugwa ndipo makolo anabisa. Mawu amenewo ndi amene anamuchotsetsa m'kaundula wa ligi ndi m'timu ya boma. Anafikanso mpaka kusukulu. Anzake anasiya kumwera naye kapu imodzi, pa desiki anayamba kukhala yekha. Mwana woseka uja anayamba kumangokhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene panali kanyumba ka amalume.

Kenako tinamva pa wailesi kuti komiti ya aphungu a ku Nyumba ya Malamulo ikuyenda m'maboma kufufuza mmene osewera akutetezedwera, ndi mmene maligi akuyendetsedwera. Madamu amene amaphunzitsa Tadala anapereka dzina langa, ndipo kalata yondiitana ku Zomba inabwera. Isanathe sabata, a mlembi anatulukira pakhomo ndikuyanika mpunga. Ndinawapatsa mpando, paja munatiphunzitsa ulemu.

"Mayi a Tadala, tiyeni tikambe ngati anthu a kumodzi," anatero. "Inu nde mukufuna dziko lonse limve pa wailesi zoti kwanu kuli zakugwa? Ife a kwa Kuntumanji a Sitefano timawadziwatu. Mukakalankhula uko, nanenso ndikalankhula. Nanga mwanayu adzakwatiwa ndi ndani?"

"Nde ndikakhala chete, mufufuta zimene munalembazo?" ndinawafunsa.

"Aa, fomu ikapita yapita. Koma anthu amaiwala, eti."

Ndinawauza kuti asunthe mpandowo, akunditchingira dzuwa pa mpunga wanga.

Achimwene a Lukasi nawonso anabwera kudzandiletsa. Anati ndiganizire kakhanda kawo, dzina la banja likaipa liipira tonse. Anandikumbutsanso mawu anu aja akuti, "Anthu ovala nsapato zothwanima akamakambirana, iwe uzipatuka." Ndinawayankha kuti ndapatuka zaka makumi anayi, ndipo njira yopatukira yathera pa mwana wanga. Anachoka osatsanzika, ndipo mpaka pano moni wake ndi wa patali.

Tsikulo tinakwera minibasi ine ndi Tadala, kalata ya adokotala ndili nayo m'chikwama. Munali m'holo yaikulu, aphungu atandanda pa tebulo lalitali, aliyense ndi botolo lake la madzi. Zinali ngati wodzaweruzidwa ndine. A mlembi ndi amene anayamba, atavala jekete, akuponya Chizungu. Sindinamve zonse, koma madamu aja, amene anakhala pafupi nane, anandinong'oneza kuti akunena kuti malamulo onse anatsatidwa, vuto ndi la m'banja mwathu, ndipo anthu a m'dera akudziwa mbiri yake. Dzina sanatchule. Anangolisiya lili lende kuti ine ndiope.

Wapampando anali mayi wachikulire ndithu, wa magalasi. Anati, "Mayi, lankhulani Chichewa momasuka, tonse pano tinakulira chomwecho."

Ndinaimirira. Ndinati, "Olemekezeka, mbiri imene akunena bambowa ndiitchule ndekha, asavutike. Amalume anga dzina lawo anali a Sitefano. Anali ndi khunyu. Anali msodzi wabwino, ankaimba bwino, ndipo anafa okhaokha chifukwa ife abale awo tinkaopa kuwakhudza. Mwana wangayu alibe khunyu, kalata ya adokotala ndi iyi, anamenya mutu pa chitsulo iwo n'kumubwezera m'bwalo ali ndi chizwezwe. Koma ndikufunseni, akanakhala nawo bwanji? Ndiye kuti kunali koyenera kumusiya pa dzuwa, anthu akulu mazanamazana akungoonerera?"

Sindinakhale pansi mpaka nditafotokoza za ndowa, za wotchi, ndi za galimoto ya tomato.

Kenako mafunso anatembenukira kwa a mlembi. Phungu wina anawafunsa kuti anamuyeza ndani mwanayo kuti alembe za matenda akugwa.

"Bwana, bwalo lonse linaona," anayankha.

"Bwalo ndi dokotala?"

A mlembi anangokonza jekete lawo. Wina anafunsa ngati m'ligi yonseyo muli munthu ngakhale mmodzi wophunzitsidwa chithandizo choyamba. Anati zili m'mapulani. Anawafunsa ngati pali lamulo lolembedwa lonena chochita wosewera akamenyeka mutu. Anati likukonzedwa. Atawafunsa kuti iwowo anasankhidwa liti pa udindowo, ndipo chisankho chomaliza chinachitika liti, anayamba kuyang'ana kudenga ngati yankho analipachika kumeneko. Amayi, mukanakhalapo mukanaseka ndi kutsokomola kwanu kuja.

Wapampando ananena poyera kuti komiti si khoti, sangamange munthu. Anati zimene amva akazilemba mu lipoti lopita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo akuluakulu a zamasewero a dziko lonse akaitanidwa kuti akayankhe za mizati yosakulunga, za anamwino pa mabwalo, ndi za zisankho za maligi. Kaya zidzatheka liti, ine sindikudziwa, ndipo sindine mwana woti ndivinire lonjezo. Koma anaitanitsa fomu ija, anaiwerenga pamodzi ndi kalata ya adokotala, n'kufunsa a mlembi ngati akuimabe pa zimene analemba. Iwo anati mwina panali kulakwitsa pang'ono. Mayiwo anawapatsa cholembera chawo. Ndinaona ndi maso anga dzanja lomwe linalemba mawu aja likuwakhwatcha, n'kulemba kuti anavulala mutu pa mzati wa golo, n'kusayina.

Musaganize kuti kuno andiimbira nthungululu. Eni chikho aimitsa kaye masewero, ndipo anthu akuti mayi uja watiphera mpira. Ndikafika pa mjigo nkhani zimaduka. Wina anandiuza m'maso kuti ndavula banja lathu pagulu. Ndinamuyankha kuti atunge madzi ake, mzere ukudikira. Tadala dzina lake labwerera m'kaundula. Mutu umamupwetekabe akakhalitsa pa dzuwa, ndiye sanayambe kusewera, koma kusukulu madamu anaitanitsa namwino kudzalankhula ndi ana, ndipo pa desiki paja abwererapo anzake awiri.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Tikubwerera tsiku lija, minibasi itadzaza, Tadala anandifunsa kuti, "Amayi, a Sitefanowo ndi ndani? Bwanji sindinawamvepo?" Ndinamuuza zonse, osatsitsa mawu, wina aliyense akumva. Za mbale, za kanyumba, za bwato, ndi zoti inu mlongo wanuyo munkamukonda, munkamuphikira matemba abwino kuposa athu, koma munkamupatsira patali. Tinafika, tinatsika. Tikuyenda anati, "Ndiye akagwa ankawadzutsa ndani?" Funso limenelo ndakusungirani inu, amayi. Mwina yankho muli nalo.

Sindikukuweruzani. Munachita zimene munauzidwa, ndipo panalibe dokotala wokukhazikani pansi. Koma sindipepesa kuti ndaphwanya lamulo lanu, ndipo achimwene akwiye mpaka atope. Ngati muli nawo limodzi amalume kumeneko, muwauze kuti dzina lawo lamveka pamaso pa aphungu, ndipo amene analitchula sanachite nalo manyazi. Muwagwireko dzanja.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu sadzapondanso m'bwalo adokotala asanalole ndiponso chitsulo chija chisanakulungidwe, ngakhale ndikakulunge ndekha ndi matiresi anga. Ndipo munthu akadzagwa ine ndili pomwepo, kaya ndi mwana wa yani, sindidzaimanso.

Ndine mwana wanu,
Felesiya