Magazi a Munthu Wathanzi

Lolemba, 9 Juni

Lero andinena kuti ndili ndi manja oipa. Ineyo. Zaka zonse zija ku yunivesite, tsitsi kuthothoka ndi mayeso, lero Bwana Mawa aima pakhomo la labu, kapu ya tiyi m'manja, ati, "Mayi, mwina munagwedeza kwambiri." Ngati kuti ndimatsuka botolo la mafuta. Munthu amene anagwira chubu komaliza ine ndili kusekondale.

Nkhani ndi ya Kapazenera, kamtsikana ka ku wodi ya ana kamene bedi lake lili pazenera. Chibayo chikapola, makutu ayamba mafinya. Makutu akauma, mwanabere m'khosi. HIV anakayeza mpaka kutopa, kalibe. Adokotala a ana akuganiza kuti kanabadwa ndi chitetezo cholumala, ndiye akufuna umboni wathu akuluakulu asanakumane Lachisanu la sabata yamawa kugamula ngati kapite kukaikidwa mafuta a m'mafupa. Wopereka akuti alipo kale, bambo ake omwe.

Gawo langa n'losavuta kunena. Ndimapatula maselo oteteza thupi m'magazi, n'kuwagawa m'timaenje ta mbale, n'kudontheza mankhwala owadzutsa, n'kuwasiya m'kabati yofunda. Abwinobwino amachulukana. Pambali timaika magazi a munthu wathanzi oti tiyerekezere. Lero ndatsegula: a mwana ambiri afa. A wathanzi nawonso ali lendelende. Lamulo lathu ndi loti a wathanzi akakanika, zonse n'zotaya.

Bwana akuti kaya ndi manja anga kaya mankhwala anaguga, aitanitsa ena mawa. Mawa lawo timalidziwa. Kumakhala kutagwa mvula kawiri.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapeza kabotolo ka mankhwala aja kosatsegula kuseri kwa firiji. Ndaimbira Sisitala ku wodi kuti anditumizirenso magazi a mwana ndi a wathanzi. Afika asanakwane masana. Ndadabwa, chifukwa wathanzi amayenera kukhala mmodzi wa ife ogwira ntchito, ndipo tsiku lotenga magazi chipatala chino chimasanduka manda. Aliyense amakhala ndi chimfine, kapena wasala kudya, kapena waitanidwa ku ofesi. Sindinafunse. Ndathira pang'onopang'ono ngati ndikudyetsa khanda.

Madzulo bambo a kunyumba andifunsa chimene chandikwinyitsa nkhope. Ndawafotokozera motere: selo lili ngati nyumba yokhala ndi belu pageti. Uthenga ukafika pageti sulowa wokha. Wapageti amauza wapakhonde, wapakhonde auza wam'chipinda, mpaka ufike kwa mwini nyumba. Uthengawo ndi uwiri basi, chulukanani, ndiponso musafe. Mmodzi pamzerepo akagona, mwini nyumba samva kanthu.

Ati, "Ndiye akapanda kumva amangokhala?"

Ndati ayi, amadzipha. Selo limeneli likapanda kuuzidwa kuti likufunikabe limalongedza lokha n'kufa, mwaulemu, osasokoneza anzake.

Aganiza pang'ono, ati, "Ndiye uzindiuzako nanenso nthawi zina." Mwamuna uyu. Ndamupatsa mbale atsuke.

Koma zoona chimandizunguza mutu mpaka lero. Imfa ndiyo yokhazikika, moyo ndi wochita kukumbutsidwa.

Lachitatu, 11 Juni

Ndasuzumira pa maikulosikopu. Ayamba kuunjikana timagulu, mbali zonse ziwiri. Manja oipa amenewo.

Lachisanu, 13 Juni

Zabwereza. Timagulu tija tasweka, timaenje tadzaza zinyenyeswa. A mwana kwambiri, a wathanzi pang'ono, koma njira yake ndi imodzi.

Bwana ati, "Ndinanena." Ndinawayankha mumtima zinthu zoti pano sindilemba.

Chimene sichikugwirizana ndi ichi. Mankhwala akanakhala oguga, maselo sakanadzuka n'komwe. Akanakhala ogontha, akanangokhala phee ngati ana asukulu ofunsidwa funso. Koma awa anadzuka, nathamanga, n'kugwa panjira. Wogontha sathamanga. Ndiye chikuwapha n'chiyani? Ndipo n'chifukwa chiyani chikuphanso a munthu wabwinobwino, kawiri konse?

Adokotala a ana anadutsa, sanalowe. Anangoyang'ana nkhope yanga pagalasi n'kupitirira. Kapazenera katenthanso thupi.

Lamulungu, 15 Juni

Ulaliki wonse ine ndili m'timaenje. Mayi wa pambali panga anachita kundigunda kuti tiimirire.

Lolemba, 16 Juni

Ndinapita ndekha ku wodi, ndimafuna ndione mmene akutengera magazi, mwina chubu n'cholakwika. Pabenchi ya pakhonde panakhala bambo wamapewa ngati chitseko, ovolosi yake ili ndi timabowo ta moto. Wowotcherera. Ataona chovala changa choyera anaimirira.

"Ndinu a kulabu, mayi? Mukufunanso ena? Musaope, alipo ambiri." Akupinda kale mkono wa malaya. Pamkono zipsera ziwiri za singano.

Ndinati, bambo, ndinu ndani? Ati ndi bambo ake a mwana wa pazenera uja. A Sisitala anawauza kuti kulabu kukufunika magazi a munthu wathanzi, iwo n'kuti nanga wathanzi woposa ine mumupeza kuti, ndimanyamula geti ndekha.

Akulankhula ine ndikuyang'ana manja. Njerewere zala zonse, zina zakale zouma. Kenako anakhosomola, chifuwa chochokera pansi penipeni. Ndinafunsa kuti chayamba liti. Anaseka. "Ichi? Ndi mnzanga wa kuubwana. Utsi wa ntchito umangochiwonjezera." Makutu? Ati limodzi linasiya kumva ali mnyamata, linkatuluka mafinya.

Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma. Kukoma kwa munthu amene mfundo yamasuka m'manja mwake.

Sisitala ndinawapeza akukonza thireyi. Ndinati, "Asisi, pa anthu onse a padziko mwanditumizira bambo wake womubereka?"

Sanatembenuke n'komwe. "Inu a kulabu mukamva singano mumathawira ku chimbudzi. Ndinazungulira chipatala chonse. Uyu anadzipereka yekha, akuoneka wodwala kwa inu?"

Ndinati vuto la mwanayu likhoza kukhala lakumtundu, ndiye tikuyerekeza mwana ndi komwe anatengera.

Anasiya thireyi. Kenako ati, "Chabwino. Khalani apo, wathanzi ndinu." Anandimanga lamba pamkono ndisanapeze chonena. Ndalemba pano kuti mbiri idziwe: sindinakomoke. Ndinangotseka maso n'kutsamira khoma kwa kanthawi, ndipo zoti ndinaitana amayi anga ndi bodza la Sisitala.

Lachiwiri, 17 Juni

Mizere itatu tsopano: mwana, bambo, ine. Adokotala apempha chilolezo kwa bamboyo kuti ayezedwe ngati wodwala. Akuti anavomera akuseka.

Sindinadikire kuti achulukane. Ndatenga ena n'kuwapaka utoto umene umawala pokhapokha uthenga ukamayenda mkati mwa selo. Ndinayamba ndi osadzutsidwa, oti akhale mdima. Anga mdima, monga mwa khalidwe. A mwana ngwee. A bambo ngwee. Palibe wagogoda pageti koma m'nyumba monse muli chipwirikiti.

Ndiye si ugonthi. Ndi belu lokanirira. Wina pamzere uja akungofuula kuti thamangani, thamangani, usana ndi usiku, popanda womutuma. Maselo amakalamba asanakule, ndipo mdani weniweni akabwera n'kuwadzutsanso, amangogwa. Ine sabata yonse ndimafunafuna wogona, chikhalirecho wolakwa ndi wokangalika mopitirira. Ndinakhala pampando ndikuseka ndekha. Thupi ili. Kusamva kupha, kumva kosalekeza kuphanso.

Chotsala chimene sindikuchimvetsa: belu limodzimodzi, bambo akunyamula mageti, mwana sakutha mwezi kunyumba. Mabuku akuti zimatero m'banja limodzi, kenako amasintha nkhani. Akatswiri akasowa yankho amalemba mwaulemu kwambiri.

Lachinayi, 19 Juni

Maselo anga achulukana mpaka kusefukira. Ndawanyadira ngati ana opambana mayeso. Mankhwala ali bwino, manja ali bwino, ndikudikira kupepesa.

Bwana ayang'ana zotsatira nthawi yaitali, ati, "Ndinkakayikira zimenezi kuyambira pachiyambi." Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere. Komabe asayina pomwepo kuti magazi atumizidwe kukayezedwa za chibadwa kuti titsimikize, ndipo sananene kuti mawa. Ndiwapatse zawo.

Adokotala a ana anakhala pa kampando kanga n'kuwerenga zotsatira. Kenako ati pali mankhwala ochepetsa phokoso lotere, akhoza kuyamba ndi amenewo uku akufufuza wopereka wina. Koma bambo ayi. Kukanakhala kuchotsa belu lowonongeka n'kuikapo linzake la fakitale yomweyo. Ati, "Mawa m'mawa ndiwauza tisanalowe mu msonkhano. Mukhalepo, mumafotokoza bwino."

Ndimafotokoza bwino kwa mwamuna wanga akutsuka mbale. Izi ndi zina.

Lachisanu, 20 Juni

Bambo a mwana anabwera atavala malaya ositidwa, akudziwa kuti lero ndi tsiku logamula. M'kachipinda ka adokotala mipando ndi iwiri, ine ndinaima pafupi ndi sinki.

Ndinayamba ndi geti ndi belu. Anamvetsa msanga kuposa ophunzira anga, ati kuntchito kwawo makina akakanirira osazima amapsa okha. Ndinati ndi zomwezo. Ati ndiye mwana wanga mwamupezera dzina la matenda, zikomo. Anagwira dzanja la adokotala ndi manja awiri.

Kenako adokotala ananena zinazo, zoti belu lawonso ndi lokanirira ndipo sangakhale wopereka.

Bamboyo sanakwiye. Anayang'ana zala zake, kuzitembenuza, ngati ndi za munthu wina. "Ndiye ndinamupatsa ndine."

Adokotala anati palibe amene amasankha chopatsa mwana, ndipo iwonso akufunika kuonedwa chifuwacho. Sindikudziwa ngati anamva. Ine nthabwala zonse zinandithera, ndinangoti magazi awo ndi amene atithandiza kuona, zomwe n'zoona, ngakhale zinamveka zopepuka.

Anafunsa ngati mwana aliyense wa iwo amatengera. Ndinati ayi, zili ngati kuponya ndalama m'mwamba, wina inde, wina ayi.

Anatulutsa foni m'thumba, yosweka galasi, naimba tili pomwepo.

"Mayi a mwana, ndine. Ayi, ali bwino, wadya. Tamverani. Mumusambitse wakhandayo mubwere naye kuno. Ee, panopa." Anatseka foni ndi chikhatho n'kundiyang'ana. "Mayi, kakhanda ka miyezi inayi mumakatenga pati magazi?"

Ndinati pachitendene kapena pakadzanja, pang'ono chabe, a Sisitala ali ndi dzanja lofewa.

Ndatsika kudzayatsa makina. Akuti mayi ndi khanda ali m'basi.