Amene Atsale Kunja kwa Waya

Kavalamanja,
Luangwa.
12 Novembala 2024

Okondedwa alongo anga a Tenson,

Tandiuzani inu amene munatumikirapo pa guwa: ndi pati pamene panalembedwa kuti mpingo usamakweze manja posankha chinthu? Ndafunsa akatekisiti, ndafunsa amayi, onse akungoti ndi mmene timachitira. Kulikonse kumene ndapita, ku yunivesite, ngakhale ku khonsolo pa Boma, anthu akasiyana maganizo amawerenga manja, ambiri apambana, ntchito iyamba. Kwathu kuno ayi. Munthu mmodzi akati toto, nonse mukhala pa mabenchi mpaka miyendo ichite dzanzi, kudikira kuti mtima wake utembenuke. Chiyambi chake ndichidziwa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, mabanja aja atawoloka n'kulowa mu mpingo wathu, atate ndi anzawo anapangana kuti ochepa asamagonje chifukwa chabe cha kuchepa. Chabwino. Koma nkhondoyo inatha ine ndisanabadwe, ndipo njovu sizidikira munthu.

Pepani, ndayamba ndi mkwiyo osakupatsani moni. Muli bwanji ku Chingola, inu ndi alamu ndi ana? Amayi ali bwino, mwendo uja ndiwo ukutupabe. Kutentha kwa chaka chino musafunse. Kalatayi ndiijambula n'kukutumizirani pa foni netiweki ikapezeka, chifukwa zimene zili m'menemu pakamwa sindingazithe.

Nkhani ndi iyi. Bungwe lina loona za nyama zakutchire, limene ndakhala ndikulipempha ntchito chitsirizireni sukulu, lavomera kutipatsa waya wamagetsi wotchingira minda kuti njovu zisalowe. Sola ndi batire zidzasungidwa pa tchalitchi, n'chifukwa chake akufuna kuti mpingo uvomere kaye. Galimoto yawo ibwera Lachisanu. Tikapanda kugwirizana, waya upita ku mudzi wina, ine nditsala pano ndi digiri yanga kudikira nyengo ya masau kuti ndikagulitse pamsewu. Anandiuza mosabisa kuti zikayenda bwino adzandiganizira.

Vuto n'lakuti wayawo ndi waufupi. Ine ndi amene ndinayeza minda ndi foni n'kukhoma zikhomo zosonyeza modutsa waya. Mzere wanga uzungulira minda yonse yakumtunda, koma usiya panja minda yakumunsi kufupi ndi Zambezi, ya amake Arlindo (a Emelina aja) ndi abale awo, mabanja aja ochokera ku Mozambique. Ndipo njovu muidziwa. Ikapeza waya sibwerera kuthengo, imautsata mpaka pamene wathera. Uthera pa munda wa amake Arlindo.

Lamlungu titatha mapemphero tinatsala pa msonkhano. Akatekisiti a Dismas anatsegula ndi kalata ija imene mtumwi analemba ali m'ndende, yopempha Akhristu kuti akhale a mtima umodzi, aliyense aziona mnzake ngati womposa, asamangosamala zake zokha, pakuti Ambuye mwini, ngakhale anali wofanana ndi Mulungu, anadzitsitsa n'kukhala ngati kapolo. Atatseka buku, tchalitchi chonse chinacheukira amake Arlindo. Palibe amene anapangana, makosi anangotembenuka okha.

A Bornface a ku komiti anayamba mwaulemu, amayi tadzichepetsani, ganizirani ana a anzanu. Wina anati zonse sizitheka tsiku limodzi, mwina chaka chamawa waya wina ubwera. Wina kumbuyo ananong'ona mokweza dala kuti kutsidya minda iliko yambiri ndipo mabwato ali nawo. Arlindo anadzambatuka, anzake anachita kumugwira malaya. Ndiye ine, alongo, ndinaimirira ndi mapu anga, ndipo ndinalankhula bwino kwambiri. Ndinati umodzi utanthauza kuti ochepa amvere ambiri, ndinabwerezanso mawu a mtumwi omwe aja ndikuwayang'ana mayiwo m'maso. Anthu anawomba m'manja. Amayi athu anandiyang'ana monyadira.

Amake Arlindo sanaimirire n'komwe. Anangoti, ndi Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chikunda chija, "Nelly mwananga, kalatayo mtumwi analembera ine ndekha? Dzina langa lilipo pamenepo?"

A Bornface anati tiwerenge manja basi, kamodzi kokha kano, ine ndinawavomereza. A Dismas anati tsiku limene manja adzawerengedwe m'nyumba imeneyi, iwo adzapereka makiyi kwa wina. Arlindo anati musavutike, kwezani manjawo, ife tizipempherera kwathu pansi pa mtengo, ndipo maliro athu tiziika tokha. A kumunsi onse anatuluka osadikira pemphero lotsekera. Dzulo azimayi a kumtunda ndi a kumunsi anakumana pa mjigo, anthu oimba kwaya imodzi, anatunga madzi osapatsana moni.

Tsopano mverani chimene sindinauze munthu aliyense. Mzere ulipo wina. Ndinauyeza tsiku lomwe ndinayeza woyambawo. Waya ungathe kutsika n'kuzungulira minda yonse yakumunsi, ngati usiya panja munda umodzi wakumtunda umene unakhala patali pawokha, umene umadya waya wambiri popita ndi pobwerera. Mwaudziwa kale. Ndi uja wa pa mlambe, wa atate, umene amayi amalima. Powerengera n'chinthu chosavuta, banja limodzi panja m'malo mwa mabanja angapo, mwana wa giredi seveni angakuuzeni. Koma ine wokonda kuti ambiri azipambana ndinauona mzerewo, ndinazimitsa foni n'kuiika m'thumba.

Ndakhala ndikudziuza kuti amayi ndi amasiye, mwendo ukuwawa, sangathamangitse njovu ndi zitini. Koma amake Arlindo nawonso ndi amasiye, ndipo ndi achikulire kuposa amayi.

Dzulo lomwelo ndinapita kwa a Dismas kukawakakamiza za manja. Ndinawapeza akukonza njinga. Ndinawafunsa kuti kudzichepetsa kwawoko kudzatidyetsa chiyani waya ukapita kwina, njovu n'kudya minda yonse, yakumtunda ndi yakumunsi yomwe. Anavomera kuti sadziwa. Anati nawonso Lachisanu likuwasowetsa mtendere, munda wawo uli m'kati mwa mzere wanga ndipo akuufuna wayawo ngati wina aliyense. Anangowonjeza kuti chimene chawavuta chiwerengereni kalata ija n'chakuti amene anadzitsitsa ndi amene anali pamwamba, sanatume wapansi kuti atsikirenso pansi. "Ndipo Lamlungu lija nanenso khosi langa linatembenuka," anatero. Anabwerera ku njinga yawo. Za mzere wachiwiri sindinawauze.

Musaganize kuti ndasanduka woyera. Ntchitoyo ndikuifunabe, ndipo ndikudziwa kuti mzere wachiwiriwu ndiwo ungabweze a kumunsi m'tchalitchi Lachisanu lisanafike. Amayi adzati ndagulitsa thukuta la atate chifukwa cha ntchito, ndipo mwina theka lake n'zoona. Ine mwini sindingathe kusiyanitsa bwinobwino pamene pathera chifundo ndi pamene payambira dyera langa.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Munda uja ndi wanunso, ndipo amayi amakumverani kuposa ine. Muwaimbire. Musawanamize kuti njovu sizidzabwera, zidzabwera, ndipo pa mlambe mpamene zidzayambire. Muwauze chabe kuti sitidzawasiya ndi njala, ngati inu mungalonjeze zimenezo pamodzi ndi ine. Akakana, nawonso ndi munthu mmodzi woti toto, ndipo mpingo udzawadikira monga unadikirira amake Arlindo. A Dismas sadzalola kuti wina awakwezere manja. Pamenepo waya wapita, ndipo a kumunsi adzakhala atadziwa kuti njira inalipo, ife a pa mlambe ndi amene tinaitseka. Mukakana ndi inu, mundiuze msanga, ndisaime ndekha ndikuganiza kuti muli kumbuyo kwanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sara. Muwauze kuti nsomba zouma ndinawasungira, zikudikira wopita kumeneko. Mwizenge mumuuze kuti azakhali ake akumusowa, koma chimanga chowotcha cha m'munda mwa agogo chimene ndinamulonjeza pa holide ya Isitala, asachiwerengere kwambiri. Mutipempherere, makamaka amayi.

Lero m'mawa amayi atapita kukaona odwala kutsidya kwa mudzi, ndinatenga nyundo n'kupita pa mlambe. Ndazula zikhomo zonse za m'munda mwa atate, ndazisenza pamutu kudutsa pakati pa mudzi anthu akuona, ndakazikhoma kumunsi kwa munda wa amake Arlindo. Iwo anali pomwepo akusosa. Anaimika khasu n'kundiyang'ana, ine ndinapitiriza kukhoma mpaka chotsiriza. Amayi sanabwerebe. Ndakhala pakhonde, ndikuwadikira.

Ndine mlongo wanu,
Nelly