Tsiku limene ndinavula apongozi malaya

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Kawale tilipo. Mng'ono wanga wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Kamunda ka ku Tsabango katipatsa matumba anayi, ngakhale akuba anatithandizako kukolola.

Koma nkhani ndi iyi. Ntchito yanga ya mu ambulansi ija ndikugwirabe. Sabata yatha anatiitana ku Biwi kuti bambo wina wagwa pashedi ya akalipentala. Kufika, ndi apongozi anga aamuna, thukuta kamukamu, atagwira pachifuwa. Anzawo anali atawamwetsa kale madzi a soda, ati ndi chilungulira.

Masiku ano tili ndi kamakina kojambula kagundidwe ka mtima. Timamata timawaya pachifuwa, chithunzicho n'kutumiza pafoni kwa dokotala tisananyamuke. Mnzanga amene ndinali naye anali dalaivala chabe. Womata ndinali ine.

Apongoziwa mukuwadziwa, mkulu wa mpingo, wa kumpoto. Zaka zonsezi ndikakumana nawo ndimapatuka. Inunso munkati, "Iwe, apongozi sayang'anidwa kumaso." Ndinagwada.

"Adada, mundikhululukire, ndikuvulani malaya."

Anatembenukira kukhoma. "Itanani mwamuna."

"Mwamuna palibe, Adada, nthawinso palibe."

Ndinamasula mabatani, cheya n'kumeta kuti timawaya tigwire. Azimayi ogulitsa tomato pafupipo anagwira pakamwa. Mizere itatuluka pakamakina kaja ndinaona kuti mtsempha wa mtima watsekeka. Netiweki nayo inayamba matama, mpaka dalaivala anakwera pabenchi, foni m'mwamba. Chithunzi chinapita! Dokotala anaimba pompo kundiuza mankhwala oti ndiwapatse, ndipo tinakapeza anamwino akutidikira pakhomo la chipatala, jakisoni ali m'manja.

Amayi, ali moyo! Ndasangalala kosaneneka.

Dzulo atatuluka m'chipatala, achemwali awo ochokera kumudzi anasonkhanitsa banja kuti akambe za mwano wanga. Ine ndinakhala pamkeka. Apongozi anawasiya alankhule mpaka atope, kenaka anati, "Malayawa akanavulidwabe tsiku lija. Mukanakonda awavule osambitsa mtembo?" Mlandu unathera pomwepo.

Ulemu umene munandiphunzitsa sinditaya, ndikulonjeza. Ndizigwadabe, Amayi, koma mabatani ndizimasula.

Ndine mwana wanu wokukondani,
wachisamba