Ng'oma ya timu yandidanitsa ndi mnzanga

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, ndipo ndimakhala ndekha chimwalirireni mkazi wanga. Ana anga awiri ali ku Tunis, amaimba foni pa Idi. Chimene chimandidzutsa m'mawa ndi timu ya mpira ya tauni yathu. Ndakhala ndikuimba ng'oma kuseri kwa golo kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda, ndipo chaka chino, koyamba m'moyo wanga, tafika mu ndime yomaliza ya chikho.

Ndili ndi mnzanga mmodzi, Mondher, telala. Madzulo aliwonse tinkakhala pa tebulo limodzi kumalo omwera khofi, tikusewera domino. Koma chikwerereni mitengo ya mafuta ophikira, shuga ndi nyama, Mondher salankhulanso za mpira. Amasonkhanitsa anthu a m'dera lathu kuti akadandaule kwa akuluakulu a boma. Sindikumutsutsa. Inenso nyama ndinaiwala kakomedwe kake, ndimaphika makaroni kamodzi kuti ndidye masiku awiri.

Tsiku lina anandipempha kuti, "Lotfi, ng'oma yako imadzutsa tauni yonse. Bwera nayo kumsonkhano wathu." Ndinakana. Ndinati, "Ng'oma iyi ndi ya timu, amwene, si ya ndale."

Kenako wandale wina amene akufuna mavoti athu anapereka mabasi aulere opita kumasewera omalizawo, nkhope yake itamatidwa m'mbali. Anatuma anthu kuti ine ndi ng'oma yanga tikakwere basi yoyamba. Ndinavomera, chifukwa ndalama ya thiransipoti ndilibe. Mondher atamva, anandifunsa pamaso pa anthu onse kuti, "Paja unati si ya ndale? Nanga nkhope ili pabasiyo ndi ya goloboyi wathu?" Anthu anaseka. Ine ndinamuyankha kuti, "Iwe umafuna tonse tizingolira ngati pamaliro." Ananyamula kapu yake n'kukakhala tebulo lina. Mawa lake sanabwerenso.

Panopa tauni yonse yavala mitundu ya timu. Ana amandithamangira mumsewu akufuula dzina langa, koma ndikafika pakhomo ndimalankhula ndi wailesi. Kodi ndalakwa kusangalala pamene anthu akuvutika? Mpirawu ndi wokhawo umene sunakwere mtengo mumtima mwanga. Ndikwere basiyo kapena ndisiye? Nanga mnzangayu ndimubweza bwanji?

L.K., Jendouba

Bambo L.K.,

Kusangalala si mlandu. Tauni imene ikudya makaroni osathira kanthu ikufunikabe chinachake choimbira, ndipo inu mwakhala mukuipatsa chimenecho. Pamenepo musapepese kwa aliyense.

Koma pa nkhani ya basi, a Mondher akunena zoona, ndipo mukudziwa, n'chifukwa chake zinakuwawani. Wandaleyo sanakuitanireni basi yoyamba chifukwa chokonda mpira. Akufuna ajambulidwe pafupi ndi munthu amene tauni imamukhulupirira. Munakaniza ng'oma mnzanu wa zaka zambiri, n'kuipereka kwa mlendo chifukwa cha mpando waulere. Ikani mtima wanu m'malo mwa wake.

Basiyo isiyeni. Uzani anyamata amene mumaimba nawo kuti simukwera, ndipo muwauze chifukwa chake mosabisa. Mwina asonkherana kuti mupite pa minibasi. Zikakanika, kaimbeni ng'oma kumalo omwera khofi, pamaso pa TV. Ambiri amene sadzatha kupita adzakhala komweko, ndipo nawonso ndi timu.

A Mondher kawapezeni kushopu kwawo, osati pagulu pomwe aliyense amafuna kuoneka wopambana. Mawu a pamaliro aja abwezeni, osawonjezera "koma nawenso". Munthu amene akusoka zovala zimene eni ake akulephera kudzatenga sakulira mwamasewera. Kumsonkhano kwawo mungapite popanda ng'oma. Mitengoyo yakukhudzani inunso, ndipo muli ndi pakamwa. Kenako aitaneni adzaonere nanu mpira. Akakana, kawapatseninso moni mawa lake.

China chimene simunandifunse: ana anu sadziwa mmene mukukhalira, chifukwa ndikukhulupirira kuti mukawayankha pafoni mumati zonse zili bwino. Ayimbireni ndinu sabata ino. Auzeni za timu, muwauzenso za m'mbale mwanu. Munthu asakhale ndi mnzake mmodzi yekha padziko, chifukwa akakangana naye amatsala ndi makoma.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti a Mondher ayambe ndiwo, kapena kuti masewera athe kaye. Ndalandirapo makalata ambiri a abambo a msinkhu wanu amene anadikirana chonchi, aliyense atauma khosi, mpaka wina anakapepesa ataima pamanda.

Aphungu