Khoma la Chipinda cha Pempho

3 Disembala 2023, Chileka

Mvula yeniyeni yayamba lero. Anthu onse kumunda, kubzala, chimwemwe. Ine mtima uli ku Lirangwe.

Chindisudzulireni sindinagonepo tulo tabwino. Mkazi wanga Doreen titangomuika, alamu anga a Zakeyo, eni mbumba, anati, "Mwagwira ntchito alamu, kapumeni kwanu." Kupuma! Nyumba ndinamanga ndi manja angawa, pamalo a mkazi wanga, ngati mkamwini wina aliyense wopusa. Ndinatuluka ndi chikwama, supuni yomangira ndi levulo. Mwana wanga Pempho anatsala, akuti mwana ndi wa kuchikazi. Pano ndikugona m'kachipinda kakuseri kwa achemwali a Mildred, bambo wa ndevu zanga.

Pempho ali ndi mphumu. Chipinda chake chili mbali yomwe mvula imawomba.

10 Disembala

Ndinapita kukamuona. Minibasi, kabaza, matope. Moni ndisanapereke maso anali kale pakhoma. Mayo ine. Atseka mabowo. Onse. Simenti, pamwamba penti yamafuta yobiriwira ngati golosale.

Khoma limenelo ndinalimanga dala chifukwa cha chifuwa cha mwanayu. Mkati njerwa, kenako pepala lakuda lapulasitiki, kenako mpata wolowa zala ziwiri, kunja miyala yogwidwa ndi mawaya. Mwala ndi simenti zimamwa madzi, zimenezo sungaletse. Koma madziwo akalowa amatsikira mumpatamo n'kutulukira pa timabowo tapansi, mphepo n'kumaumitsa. Ndinaziphunzira ku Joni. Pa timabowoto ndinaika ndi sefa yemwe kuti tizilombo tisalowe. Zaka zonsezi mkati mouma gwa. Doreen ankandiseka kuti ndamanga nyumba yovala jekete.

A Zakeyo akuti tsiku la maliro panaoneka njoka m'munsi mwa khomalo. "Nyumba ya anthu sikhala ndi makomo apansi." Apongozi kugwedeza mutu. Akuti chimene chinatenga mwana wawo chinalowera pamenepo. Doreen anafa ndi shuga, mudzi wonse ukudziwa.

Ndinayamba kufotokoza za madzi. "Za nyumba ino zisiyeni alamu, munasudzulidwa."

Ndabwera ndili ndi mkwiyo wosadyera.

7 Januwale 2024

Khirisimasi sindinapite. Ntchito ya mpanda kwa a Salumu, ndiponso manyazi. Lero ndapita.

Ndinapempha kulowa m'chipinda cha mwana wanga. Kupempha, ine! Fungo ngati m'nkhokwe yonyowa. Khoma lakuda kuyambira pansi mpaka m'chiuno, chuku chokhachokha. Pulasitala watupa, ukagogoda akulira ngati ng'oma. Bulangeti lozizira. Nsapato zake za kusukulu zamera ubweya woyera.

Pempho waonda. Akamapuma m'chifuwa mukulira likhweru. Anandinong'oneza kuti, "Ababa musakangane nawo, amandikalipira mukapita."

Apongozi akumupatsa madzi a masamba a bulugama. Akuti kuda kwa khomako ndi chizindikiro chakuti chinthucho chikadali mkati. Eetu chikadali mkati, mwachitsekera nokha!

Ndinati asamukire pabalaza. Pabalaza pagona matumba a feteleza a a Zakeyo. Feteleza pouma, mwana ponyowa.

14 Januwale

Ndachita. Ndinadikira Lamulungu onse ali kutchalitchi, hamala ndi tchizulo m'chikwama ngati wakuba. Pakhoma langa lomwe.

Bowo loyamba, madzi phwii! Akuda, onunkha, mpaka m'nsapato. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinagwada pamenepo kumangoseka ndekha, misozi ili m'maso. Khoma likupuma.

Apongozi sanapite kutchalitchi, mwendo. Anandipeza. Kukuwa kwake, anthu mbwee. "Onani zimene anakwirira m'khoma zikutuluka! Wabwera kudzachotsa umboni!" Wina anati madziwo asapondedwe. Anthu omwe ndinawamangira zimbudzi ulere amenewo.

A Zakeyo atafika sanakweze mawu. "Alamu, pakhomo pano musadzapondenso mpaka titakuitanani."

Pempho anali pawindo. Sanalire. Bola akanalira.

16 Januwale

A Amadi, oyandikana nawo nyumba ku Lirangwe, aimba foni. Mabowo atsekanso dzulo, ulendo uno ndi konkire. Kunabweranso munthu wopemphera, wawaza khoma ndi madzi. Madzi! Ngati kuti ndi amene akusowa.

Mvula osakata. Achemwali akuti ndipite kwa ankhoswe. Ankhoswe a ukwati uti, poti unatha?

2 Febuluwale

Kuchipatala. Anabwera naye Pempho dzulo pa njinga yamoto, milomo itada. Wandiuza ndi a Amadi, osati abale ake.

Ndinamupeza ali ndi chigoba chopumira kumaso. Timanja tozizira. Ndinapemphera, ine amene ndinasiya kale. Anamwino anafunsa ngati mwana amagona pachinyezi. Ndinayang'ana a Zakeyo. Iwo kuyang'ana foni.

Panja a Zakeyo anandikokera pambali. "Mutengeni kaye ku Chileka, mphepo yakonkuno yamukana. Akachira mudzatibwezere." Mphepo. Ndinangoti chabwino. Ndikanalankhula zimene zinali kukhosi akanasintha maganizo.

25 Febuluwale

Ali kuno. Amagona ndi achemwali, ine kwanga kuseri. Kanyumba kamalata akale, kopanda siling'i, koma kouma.

Likhweru lija latha. Akudya ngati dzombe. Dzulo anamaliza chinangwa changa n'kunamizira nkhuku. Akaseka amangokhala Doreen weniweni, mpaka ndimatuluka panja.

A Amadi akuti pulasitala wa m'chipinda muja wagwa. A Zakeyo amata wina pamwamba pa chuku, apakanso penti. Kunja akuti kukuwala bwino zedi.

1 Malichi

Foni ya a Zakeyo. "Tamva kuti mwana wachira. Lamulungu ndikubwera kudzamutenga, sukulu ikumudutsa. Chipinda chake takonza."

Ndinati akutsokomolabe kwambiri. Anati adzaona okha.

Mvula ikadalipo mwezi wonse uno, mwina kupitirira. Khoma lija silinaume, ndipo siliuma.

Pempho anali panja akusewera fulaye ndi anzake, thukuta kamukamu, kuthamanga osapumira. Ndinaima kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinamuitanira kuseri kwa nyumba. Mwana amene ndamulera kuti asamaname.

"Atsibweni ako akafika Lamulungu, uzikatsokomola."

Anandiyang'ana. Anayesa. Sizinamveke, chifuwa chayera. Ndinati ayi, chichokere pansi, ngati muja unkachitira kwanu. Ndinamuonetsa. Anayesanso.

Kachitatu anakhoza bwinobwino, likhweru ndi lomwe. "Chonchi, ababa?"

Chonchodi. Mawa tiyesanso.